Chitowe Chathu Chinagona kwa Atsibweni

Kwathu ku Sorjin amanditchula wapolisi wa chitowe, ndipo dzinali sindilikana chifukwa ndinaligwirira ntchito. Chaka chimene madzi anatikokolera chimanga cha m'madimba ndi mapira omwe, mbewu imene inatsala kumtunda inali chitowe basi. Anthu anali atayamba kale kulowa m'madambo kukakumba nyika, mizu ya m'madzi ija, ng'ona zili pomwepo, kuti ana agone atatafunako kanthu. Ndiye mumvetse kuti matumba amene tinakweza pa lole m'mawa umenewo sanali malonda wamba. Chinali chakudya cha mabanja onse a m'kalabu yathu mpaka mvula ina.

Chitowecho tinalima pa pangano ndi kampani ina ya ku Limbe imene imachitumiza ku Japan. Mlangizi wawo anabwera panjinga yamoto n'kutiuza kuti mtengo ukhala wabwino kuposa wa mavenda, koma lamulo ndi limodzi: mankhwala ayi. M'munda ayi, m'nkhokwe ayi, ngakhale thumba limene linakhalamo feteleza ayi. Anati kunjako amayeza ndi makina, ndipo akapezamo kadontho kokha amabweza katundu yense. Ife ndife anthu a thonje. Tinakula tikudziwa kuti munda wosapopera ndi munda wa mlesi, ndiye lamulo limeneli linatilowa movuta kwabasi. Ine ndi amene ndinalikakamira. Ndinkayenda munda ndi munda ndikununkhiza masamba. Mlamu wanga Fulanki ndinamupeza akusungunula mankhwala m'mawa wina mbozi zitamulowerera, ndinamulanda sipuleya n'kukaitsekera kuchipinda kwanga. Anakhala nyengo yonse osandipatsa moni.

Lole ya kampani ankangotiuza kuti ibwera sabata yamawa, sabata yamawa, njala ikukula. Kalabu inagwirizana kuti tipeze galimoto tokha tikatule ku Limbe konko. Tinapeza ya a Khembo, lole yotopa imene imanyamula mchenga ndi njerwa, ndipo ndinaitsuka ndekha ndi manja angawa tisanayalemo lona. Anasankha ine ndi a Zuze kuti tiperekeze katundu. A Zuze ndi bambo wofatsa, makolo awo anachokera kutsidya ku Mozambique, ndipo Chisena chimawatuluka akakwiya kapena akathokoza. Tikunyamuka, Fulanki anafika pafupi ndi zenera, mwana wake wamng'ono ali m'manja, n'kundiyankhula koyamba chichokereni tsiku la sipuleya lija.

"Pitani bwino, alamu. Tione ngati ukhondo wanuwo tidye."

Pa Ngabu tinaima kuthira dizilo, ndipo mpamene ndinayambana ndi a Khembo. Iwo anazolowera matola, aliyense woimika ndi wawo. Anafuna kukweza bambo wina wa zigubu za petulo, ndinakana. Anafuna kukweza mayi wa thumba la feteleza, ndinakana. Wa mbuzi ziwiri ndinakananso, poti mbuzi sidziwa kuti pansi pake pali katundu wa ku Japan. A Khembo anati ndikuwaphera ya ndiwo, ine ndinati galimoto tabwereka yonse, osati theka. Ndinangolola mphunzitsi wina wopita ku Nchalo kuti tithinane naye kutsogolo, ndipo njira yonse ankamuuza mphunzitsiyo kuti lero anyamula bwana wamkulu wa boma wovala chitenje. Ndinangoti anene, pakamwa ndi pawo.

Kuchoka apo kunali kutentha kwa kwathu kuja kosowa pothawira, mpando ukuotcha, injini ikuotcha kumapazi. Pa Nchalo tinakwawa kumbuyo kwa mathirakitala a nzimbe mpaka fumbi linatilowa m'mano. Titadutsa Bereu tinafika pamalo pamene madzi anadula msewu ndipo magalimoto amatsikira m'mbali, m'njira ya maenje. A Khembo analowamo ngati akuthamangitsidwa. Tinangomva phokoso pansi, lole n'kupendekeka mbali imodzi, matumba kumbuyo n'kutsamirana. Sipuling'i ya kumbuyo inali itathyoka.

Makaniko amene anabwera pa kabaza anayang'ana pansi, anapukusa mutu, n'kunena kuti jeke singanyamule galimoto ili ndi katundu. Titsitse zonse. Ndinayang'ana uku ndi uku. Pamsewu pamenepo anthu anali atayamba kale kusonkhana, maso ali pa matumba, ndipo m'chaka cha njala sungamuimbe mlandu munthu woyang'ana thumba. Apo mpamene ndinakumbukira kuti mudzi wa atsibweni anga a Thomu, alongo awo a malemu mayi anga, uli chapafupi, kuseri kwa mitengo ya migwalangwa imene inkaoneka kuchokera pamsewupo.

Atsibweni anabwera okha ndi ngolo yawo ya ng'ombe, chipewa chili kumutu, akukalipa kuti mwana wa mlongo wawo angagone bwanji pamsewu iwo ali moyo. Ndi munthu wachikulire tsopano, khutu limodzi silimva, koma thonje alima moyo wawo wonse ndipo m'mudzimo palibe amene amawaposa. Anatulutsa mipando pabalaza, anasesa, anayala mitengo pansi kuti matumba asakhudze dothi. Ine ndinalowa kaye n'kununkhiza makona onse monga mwa khalidwe langa. Munali mwabwino. Titamaliza kututa, dzuwa likupendeka, anandifunsa kuti katundu wochuluka chonchi akupita kuti. Nditawauza kuti akakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Japan, anavula chipewa n'kuyang'ana matumba aja nthawi yaitali. Anati chibadwire m'nyumba mwawo simunagonepo chinthu chopita kutali choncho, ndipo ndigone mtima uli m'malo, palibe chichikhudze.

Za lamulo la mankhwala sindinawauze. Kwathu ngakhale mwana wa sukulu ya mkaka ankalidziwa, tinali titaliimba nyengo yonse, moti m'mutu mwangamu munalibe zoti kuli munthu m'chigwa chino amene sanalimve. Sindinaganize kuti mlangizi wa njinga yamoto uja kuno sanafikeko.

Kutacha, a Zuze anatsala pamsewu kulondera lole kuti anthu asapope dizilo kapena kuzula batire. Ine ndinakwera minibasi ndi a Khembo kubwerera ku Nchalo kukafuna sipuling'i, chifukwa ndinkaopa kuti ndikawasiya okha akakhala pa mowa. Sipuling'i ya mtundu wa lole yawo sinapezeke, ogulitsa onse ankangoti magalimoto amenewo anatha kalekale. Tinagwirizana zowotcherera yothyokayo. Wowotcherera tinamupeza atakhala pa tayala akusenda nzimbe, magetsi atazima. Anati magetsiwo abwera masana. Tinakhala pakhonde la golosale, ntchentche zikutizungulira, a Khembo akugona kukamwa kuli yasa. Masana anakwana, magetsi osabwera. Wina anati kuli wa jenereta kuseri kwa msika, tinanyamula chitsulo chija mpaka kumeneko, tinapeza jenereta ilipo koma mwini wake wapita ku maliro ndi makiyi. Tinabwerera nacho. Ndinadya mbatata yootcha ndi madzi a m'pepala, ndikuwerengera mumtima za ana a kumudzi. Magetsi anabwera kutada, wowotcherera atatseka kale, ndiye tinagona kwa achibale a a Khembo n'kudikira m'mawa.

Tinabwerera tsiku lotsatira dzuwa lili pamutu. Ndinawasiya a Khembo ndi makaniko akulimbana ndi jeke, ine ndi a Zuze tinalunjika kwa atsibweni kuti tiyambe kukonzekera ngolo. Fungo linandipeza ndisanafike pakhonde. Munthu wa kuchigwa fungo limenelo salifunsa, limakhala m'malaya a bambo ako kuyambira uli wakhanda. Nditakankha chitseko ndinaona matumba ali ndi madontho onyowa, pansi pali nyerere zakufa mizeremizere, ndipo pakona pali sipuleya itatsamira khoma.

Atsibweni anatulukira kuseri akupukuta manja, nkhope ili yowala.

"Luwiza mwananga, ukanaona nyerere zake! Zinamva mafuta a chitowe, zinabwera mudzi wonse. Ndinati ayi, katundu wa mwana wa mlongo wanga sangakafike kwa azungu ali ndi nyerere. Ndathira pansi, m'makoma, ndi pamatumba pomwe, dzulo ndi lero m'mawa. Ndinali ndi kabotolo kamodzi kamene ndimasungira thonje langa, ndati thonje lidikire."

A Zuze anatsegula pakamwa, ine ndinawaponda phazi mwamphamvu. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino. Koma tandiuzani, ndikananena chiyani? Munthu amene anaika mayi anga m'manda, amene anandilipirira sukulu ndi thonje lomwelo, waima pamaso panga akunyadira kuti wapereka botolo lake lomaliza. Mankhwala anali atalowa kale, kukalipa sikukanawatulutsa. Kukhitchini akazi awo anali akusosola nkhuku yoti tidye tisananyamuke. Ndinagwada n'kuwomba m'manja monga mwa mwambo. A Zuze anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Takhuta, baba," ndipo sindinamvepo kuthokoza kowawa ngati kumeneko. Nkhuku ija ndinaidya ngati ndikutafuna chiguduli.

Titakweza katundu n'kulowa mumsewu, a Zuze anayamba. Anayankhula Chisena chokhachokha kuchokera pamenepo mpaka pa Dyeratu, ndipo zambiri zinali za ine. Anati ndinazunza anthu nyengo yonse, ndinalanda sipuleya ya mlamu wanga, ndinabweza matumba a amayi amasiye, lero katundu waonongekera m'nyumba ya m'bale wanga ine ndikuwomba m'manja. Pa zonsezo panalibe bodza. A Khembo, amene ndinkayembekezera kuti aseka, anangoyendetsa galimoto maso ali pamsewu. Mtima utatsika, a Zuze anati pali njira imodzi: tigule matumba atsopano, tikhuthule chitowe chipitidwe mphepo, tisinthe, ndipo ku Limbe tikatseke pakamwa. Ndinawauza kuti mlangizi anati makina amaona ngakhale zimene mphuno siimva. Anandifunsa ngati ndili ndi nzeru ina yoti ana a Fulanki adye. Ndinalibe. Ine ndemwe, wapolisi wa chitowe, ndinatsika pa Dyeratu kukagula matumba.

Tinawoloka Shire pamlatho, madzi ali ofiira, n'kuima pa Thabwa pamene magalimoto onse amaima kuti aonedwe. Mzere unali wautali. Amayi ogulitsa masawu ndi nsomba zouma ankagogoda pazenera, ine ndikuopa kuti wina akakwera kumbuyo amva fungo, ngakhale kuti za fungo sizinali ntchito ya anthu a pamenepo. Anaona mapepala a galimoto, anasuzumira pansi pa lona, anatiuza tizipita.

Chitunda cha pamenepo lole ya a Khembo inachikwera mokwawa, ikulira ngati ng'ombe yokoka ngolo yodzaza. Pakona ina injini inawira, utsi woyera tolo, tinaima n'kutchinga matayala ndi miyala. A Khembo anati ipume mpaka izizire, ndiye ife tinapezerapo mpata. Panali kamalo kosalala m'mbali mwa msewu, tinayala lona n'kuyamba kukhuthula thumba limodzilimodzi, kutakasa ndi manja, kudikira mphepo, kuthira m'thumba latsopano, kusoka. Chitowe chake chinali chokongola, abale, choyera mbee, chopetedwa bwino, chopanda kamwala. Ndinkazindikira kuti ichi n'cha uje, ichi n'cha uje, malinga ndi kasokedwe ka thumba. Anthu odutsa pa minibasi ankatiloza. Ntchito imeneyo inatitengera madzulo onsewo ndi m'mawa wa tsiku linalo, ndipo kuphiriko kumazizira mwa mtundu wina, ife a kuchigwa tinkangonjenjemera ndi malaya athu opyapyala. Matumba akale tinawatentha. Ndikanunkhiza m'manja ndinkati fungo latha, ndikanunkhizanso ndinkati lilipo, mpaka mphuno inasiya kundiuza zoona.

Blantyre tinangomudutsa, ine sindinaone kanthu koma magalimoto ndi utsi. Ku Limbe tinapeza malole ena ali pamzere kunja kwa geti la shedi ya kampani, ena ochokera ku Balaka, ena kutali kuposa apo. Tinadikira maola angapo. Mlonda ankalowetsa imodziimodzi, ikalowa imakhalitsa. Mavenda ankazungulira pamzerepo ngati akungocheza, akufunsa kuti mwachokera kuti, mwanyamula chiyani, koma maso awo anali odziwa kuti pa malole onsewa ina ibwezedwa. Mmodzi wa jekete yachikopa anaima pafupi ndi lole yathu, anakoka mpweya, anamwetulira, n'kunena kuti akhala ali pomwepo tikamufuna. A Zuze anamuthamangitsa.

Titalowa, anatilandira mayi wina wa msinkhu wanga, wovala khoti loyera, m'manja muli chitsulo chosongoka chobayira matumba. Anabaya loyamba, chitowe chinatsikira m'dzanja lake, anachiyamikira kuti n'choyera. Anabaya lachiwiri, lachitatu. Kenako anachifikisa m'manja mpaka mafuta atatuluka, n'kununkhiza. Anakwera pamwamba, anabaya la pakati, ananunkhizanso. Anatsika pang'onopang'ono n'kundiyang'ana, osati mwaukali.

"Mayi, kwanuko mumalimanso thonje?"

A Zuze anayamba kunena kuti mwina ndi fungo la dizilo, koma ine mphamvu ya bodza inali itandithera paphiri paja. Ndinamufotokozera zonse, za sipuling'i, za nyerere, za atsibweni ndi botolo lawo. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati akundikhulupirira, ndipo nayenso ali ndi amalume otero kwawo. Koma anati lamulo si lake, si la kampani, ndi la dziko logulalo, ndipo makina a kumeneko safunsa za nyerere. Kontena imodzi ikapezeka ndi mankhwala, chitowe chonse chochokera kuno chimayamba kugwidwa padoko, ogula amatembenukira ku mayiko ena, ndipo olira amakhala alimi onse, a pamzere panja paja ndi ena omwe. Anati atha kutumiza pang'ono kokayezetsa ngati tikufuna, koma tidikira masiku ambiri ndipo yankho akulidziwa kale.

A Zuze anagwada pa simenti, bambo wamkulu wa imvi. Anapempha kuti atengeko ngakhale matumba a pansi, amene mwina mankhwala sanawafike. Mayi uja anafunsa ngati tikudziwa kuti a pansi anali ati. Tinayang'anana. Paphiri paja tinali titakhuthulira zonse pa lona imodzi, za pansi ndi za pamwamba, ndi manja athu omwe. Anawadzutsa a Zuze n'kunena kuti dzina la kalabu salifufuta, popeza tanena zoona, tidzabwere chaka chamawa. Ndinamuthokoza, koma mumtima ndinkati chaka chamawa adzabwere ndani, anthu akudya nyika lero.

Wa jekete yachikopa uja tinamupeza pomwe anati akhala. Sanafunse n'komwe chimene chachitika. Anatchula mtengo woti munthu ukanamva uli kumudzi ukanati akunena za madeya. Tinakangana naye mpaka dzuwa kupendeka, anakwezako pang'ono ngati akutichitira chifundo, sikelo yakenso ili yake. Ndinamufunsa kuti chitowe cha mankhwala akachitani nacho. Anaseka, anati pang'ono m'thumba ili, pang'ono m'thumba ilo, chimalowa chokha, ndipo kumene chikathere si nkhani yanga. Zinandinyansa, ndinaganiza za mayi wa khoti loyera uja ndi alimi a pamzere. Koma ndinagulitsa. Kubwerera nacho kumudzi kukanakhala kubwerera ndi njala yokhayokha, ndipo a Khembo nawo ankafuna zawo.

Ndalama zotsalazo tinagulira chimanga mumsika wa Limbe. Popita lole inali yodzaza mpaka m'mphepete, pobwera matumba a chimanga anangokwana kakona ka kutsogolo, moti a Zuze anagona chotambalala kumbuyoko malo n'kutsala. Foni yanga inkalira, dzina la Fulanki likuoneka. Ndinaithimitsa.

Potsika phiri m'mawa wake chigwa chonse chinaonekera pansi, Shire akunyezimira, koma ine ndinkangoyang'ana mapazi anga. A Zuze anati tidutse osaima kwa atsibweni. Ndinati sizingatheke, zingwe zimene tinamangira katundu ndi zawo, komanso mwana sadutsa pakhomo pa tsibweni wake ngati mlendo. A Khembo anaimika pamalo pomwe tinathyokera paja, ine ndinatsika ndekha ndi zingwe.

Kunyumba anandiuza kuti ali kumunda. Thonje lawo anabzala mochedwa chifukwa cha madzi aja, ndipo linali lisanaphulike. Ndinawapeza atawerama pakati pa mizere, dzuwa likuwaotcha pamsana, m'manja muli kachitini. Ankatola mbozi ndi zala, imodziimodzi, n'kumaponya m'chitinimo. Masamba anali obowokabowoka, zibalobalo zambiri zitagwa pansi. Atandiona anaweramuka movutikira, dzanja lili m'chiuno, n'kumwetulira.

"Wabwera, Luwiza! Nanga anachiona bwanji eni akewo?"

Ndinayang'ana kachitini kaja. Ndinayankha mokweza, kukhutu lawo lakumva.

"Anati n'choyera, atsibweni. Nyerere sanapezemo ngakhale imodzi."

Anaseka mokondwa, anagwedeza mutu, anati ankadziwa. Anandiperekeza mpaka m'malire a munda, akupepesa kuti sangafike kumsewu chifukwa mbozi sizidikira. Kutsogolo kwanga kunali Nchalo, Ngabu, kenako Sorjin, kumene anthu anali atakhala kale pansi pa mtengo ndi matumba opanda kanthu. Ndikutembenuka kuti ndizipita, anandigwira mkono.

"Chaka chamawa mudzafikirenso pompano, wamva? Usadzavutike n'kwina. Ndidzakusungira botolo lathunthu."

Ndinati ndamva, atsibweni, n'kuyamba kuyenda kupita ku lole.